Atatseka Msika wa Zikwangwani

Hauna,
Honde Valley.
4 Novembala 2018

Okondedwa achimwene Aroni,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga a Natsai ndi ana kumeneko ku Chipinge. Ife kuno tadzuka. Mvula yoyamba yagwa, tiyi wayamba kuphukira, ndipo nthochi za ku Samanga chaka chino zabereka moti zina tikuchita kuzichirikiza ndi mphanda. Mkoko umene Mai Believe akupatseni pamodzi ndi kalatayi ndi wa m'munda mwa ababa, anadula okha.

Musadabwe kuti ndalemba ndi cholembera ngati anthu akale, chonsecho foni ndili nayo. Mauthenga anga a pa foni mumawawerenga, ine ndimaona, koma akakhala okhudza nkhani ija simuyankha. Ndiye ababa anati, "Ulembe papepala, ndipo ulembe m'chiNyanja. Pepala salifufuta ndi chala." Pamene chiShona chalowerera mundikhululukire, lilime lathu ndi lomweli.

Tinasiyana moipa pa Khirisimasi, ndipo sindikufuna kubwereza zonse. Inu munati ndisayerekeze kuika nkhope ya ababa pa intaneti. Munati tinavutika kale kusukulu anzathu akutinyoza kuti ndife mabhurandaya, obwera a ku Blantyre, tsopano takula, tili ndi zitupa zathu, ana athu ndi a konkuno, nanga kukumba za ku Malawi n'kofuna chiyani? Munatinso kudzabwera akuba odzitcha achibale. Ine sindinakuyankheni chifukwa panali alendo. Koma ndinapitiriza, ndipo lero ndikufuna mumve kwa mwini wakene mmene zayendera, kuyambira pomwe zinagwa mpaka pomwe zinadzukira.

Mukudziwa kuti ndili ndi tsamba langa pa intaneti, lija amati bulogu, limene ndimalembapo za kuno ku Honde ndikapeza mpata kusitolo ya mbewu kumene ndimagwira ntchito. Ndimalemba za maukwati, za msewu ukakumbika, nyimbo za azimayi othyola tiyi, nkhani za madala a m'komboni. Chimene mwina simudziwa ndi mmene anthu akutali ankalipezera tsambalo. Panali kampani ina ya kunja imene inatisonkhanitsa ife olemba mabulogu ang'onoang'ono a m'mayiko osiyanasiyana. Aliyense ankaika kabokosi pambali pa tsamba lake. M'kabokosimo munkaoneka kachikwangwani ka mnzako, kolengeza tsamba lake kapena malonda ake. Anthu akamakaona pa tsamba lako, iwe unkapatsidwa mapointi, ndipo ndi mapointi omwewo unkapempha malo oti kachikwangwani kako kakaoneke kwa ena. Panalibe kulipira. Zinali ngati nhimbe ya kuno, lero tonse tilima kwako, mawa kwanga. Ine ndinkangoutcha msika wa zikwangwani.

Pa tsamba langa panadutsa anthu ambiri mwa njira imeneyi. Panali mayi wa ku Kenya wosoka madiresi, bambo wa ku Philippines woweta nsomba m'madamu, ndi nesi wa ku Luchenza, ku Malawi, dzina lake Miriamu, amene amalemba za kaphikidwe ka phala la ana. Ndiye tsiku lina ndinadzifunsa kuti, anzanga akulengeza madiresi ndi nsomba, ine chingandiletse n'chiyani kulengeza ababa? Ndinawajambula atavala jekete lawo la ku tchalitchi, atameta ndevu, ataima pafupi ndi mpanda wa tiyi. Pansi pa chithunzi ndinalemba zimene anandiuza: Abrahamu mwana wa Nampinga, amayi ake a Esinati, mlongo wake Dina, kwawo kufupi ndi mtsinje wa Thuchila, anachoka ali mnyamata kudzathyola tiyi ku Rhodesia. Kodi inu mumadziwa kuti dzina la Phiri limene lili pa zitupa zathu si lathu? Linachokera kwa kalaliki wa pa esiteti, amene ankangolemba Phiri aliyense wochokera ku Nyasalande. Ine ndazidziwa chaka chino.

Malo amene ndinkawafunitsitsa anali pa tsamba la Marcel wa ku Blantyre, wolemba za mpira. Tsamba lake limawerengedwa ndi anthu ochuluka, mpaka kumidzi, poti mpira amaukonda ndi aliyense. Malo akewo ankafuna mapointi ambiri, choncho ndinasunga anga nthawi yaitali osawakhudza, monga tisungira chimanga cha mbewu ngakhale njala itavuta. Mu Ogasiti anakwana. Marcel anavomera, ndipo anandipatsa sabata ya mpira waukulu, pamene tsamba lake limadzaza. Ndinapita ku Samanga n'kuwauza ababa kuti Loweruka likubweralo Malawi yense adzaona nkhope yawo. Anangoti, "Eya." Ine ndinayesa ndiko kukondwa kwa munthu wamkulu.

Lachinayi la sabata yomweyo ndinafika kusitolo m'mawa, ndinasesa, ndinapanga matumba, kenaka ndinatsegula tsamba langa. Kabokosi kaja kanali koyera mbee. Ndinati mwina bandulo yatha, ndinagula ina. Koyerabe. Ndinatuluka n'kukaima pafupi ndi pokwerera makombi, pamene netiweki imagwira bwino, n'kutsegula tsamba la kampaniyo. Zonse zinali zitachoka, mayina athu, mapointi athu, zikwangwani zathu. Panangotsala mizere yochepa ya Chingerezi. Akuti akuthokoza tonse, ntchito yatsekedwa kuyambira lero, mapointi alibenso ntchito. Panalibe dzina la munthu, panalibe poyankhira. Chonsecho dzulo lake lomwelo ankatilimbikitsa kuti tiitane anzathu adzalowe.

Ndinaima pamenepo mpaka kondakitala, poyesa kuti ndikupita ku Mutare, anandifunsa kuti, "Muri kuenda kwaMutare here, sisi?" Ndinangopukusa mutu. Sindinalire ayi, ndinapsa mtima. Mapointiwo anandiwawa, sindikana. Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'kuzindikira kuti tonsefe, wa ku Kenya, wa ku Luchenza, ine wa ku Hauna, tinkachezera m'nyumba ya munthu amene sitinamuonepo. Tsiku limene watopa anangokhoma chitseko n'kupita ndi makiyi, osatsanzika. Alamu anu a Darlington atabwera masana kudzanditengera chakudya, anandipeza ndikutukwana foni. Anati, "Amai, foniyo yalakwa chiyani?" Ndinati, "Ndikawauza chiyani ababa?"

Nditaweruka ndinakwera kombi kupita ku Samanga. Ndinawapeza m'munda akusadza masamba ouma a nthochi. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, ndikusankha mawu, poopa kuwakhumudwitsa. Mukudziwa chimene anachita? Anaseka.

"Ndiye atseka?"

"Atseka, ababa."

"Osatsegulanso?"

"Sizikuoneka kuti atsegulanso."

"Basi, zatha bwino. Tiye ukatereke tiyi."

Ndipo tsiku limenelo anadya ngati mnyamata wochokera kudambwe, mpaka kupempha mbatata yowonjezera. Ine zinandinyansa. Ndinati, "Ababa, ine ndavutika nthawi yonseyi, inu mukukondwa kuti zalephereka?"

Anaika kapu pansi. Anati, "Yunike, ukumudziwa mtchona? Ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kutali n'kusabwerera, osalemba kalata, osatumiza ngakhale sopo. Ameneyo ndine. Chiyambire pomwe unandijambula tulo sindikutiona bwino. Ndimati akandipeza ndidzati chiyani? Akadzati munali kuti, ndidzaloza kuti?"

Ndinati, "Ndiye ndisiye?"

Anati, "Eni msika ako asiya kale. Iwe ungapose iwo?"

Ndinabwerera ku Hauna ndikuganiza kuti mwina inu munanena zoona, kuti ndinkakoka munthu wamkulu kupita kumene iye sakufuna. Kabokosi ndinakasiya choncho, koyera. Kulemba komwe ndinaleka.

Sabata yotsatira anamwalira sekuru Nowa, agogo aja ankakonza njinga kuseri kwa tchalitchi. Mukuwakumbukira. Mwa onse amene anabwera kuchokera ku Malawi nthawi imene ija, anatsala ndi iwo ndi ababa basi. Maliro anali aakulu, anthu anachokera m'makomboni onse. Kumanda, abusa a Ebenezer pofuna kunena mbiri ya malemu anafunsa ana m'chiShona kuti kumusha kwa bambo awo kunali kuti. Mwana wamkulu anati, "Ku Malawi." Abusa anati, "Malawi ndi dziko, mwanangu. Ndikufunsa mudzi." Anawo anayang'anana. Kenaka anthu onse anatembenukira kwa ababa. Ababa anaimirira, anavula chipewa. Anthu awiriwa anathyola tiyi mzere umodzi kuyambira ali anyamata, anabatizitsa ana tsiku limodzi, ankametana tsitsi. Potsiriza ababa anati, "Anandiuzapo. Ndaiwala." Anakhala pansi. Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, ndipo sekuru Nowa anaikidwa choncho, mudzi wawo osatchulidwa.

Patapita masiku ochepa, ndikuyezera kasitomala feteleza, ndinangoona ababa akutsika kombi, jekete lija lili m'thupi. Inu mukudziwa kuti chimwalirire amayi, ababa sabwera ku Hauna popanda chowakakamiza. Anakhala pa benchi pakhomo pa sitolo mpaka kasitomala uja atapita.

"Chithunzi chija, anapita nacho eni msika aja?"

"Ayi, ababa, chili m'foni mwangamu."

"Nanga anzako aja, a ku Kenya, a kuti kaya, nawonso anawatsekera masamba awo?"

"Ayi, masamba awo alipo. Chimene chatsekedwa n'chimene chinkatilumikiza."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ine sindifuna kuti abusa adzakufunse, iwe n'kuyang'ana pansi."

Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinakumbukira masamba amene zikwangwani zawo zinkadutsa kwanga, ndinawafunafuna limodzilimodzi, n'kulembera eni ake. Ndinawauza kuti kampani yapita koma mabokosi atsala, ndiye ine ndiika chako pamanja, iwenso uike changa. Ena sanayankhe. Ena anali atataya mtima n'kusiyiratu kulemba, poti owerenga awo onse ankabwera kudzera mumsika uja. Marcel anayankha mwaulemu kuti nayenso zamugwera, ndipo malo ake tsopano akuwapereka kwa amalonda. Sindikumuda, munthu ali ndi banja. Koma mayi wa ku Kenya anavomera. Bambo wa nsomba uja anavomeranso, ngakhale sindikudziwa kuti ku Philippines akanawazindikira ababa ndani, ndipo mpaka lero nkhope yawo ili kumeneko pakati pa nsomba. Miriamu ndiye anayankha dzuwa lisanalowe. Anati, "Thuchila ndi pakhomo panga penipeni. Tumizani."

Lero tili ndi gulu lathulathu. Tinapatsana manambala a foni, timadziwana mayina enieni, ndipo mwezi ukatha timasinthana zikwangwani pamanja, wina akaiwala timamukumbutsa. N'zochedwa, ndipo ndife ochepa poyerekeza ndi kale. Koma mmodzi akatopa n'kuchoka, otsalafe tidzapitiriza. Ine ndayambanso kulemba, ndipo nkhani yoyamba inali ya sekuru Nowa.

Pa za akuba munalosera bwino, ndikuvomereza. Anaimba bambo wina wa mawu okoma, akuti ndi mwana wa mchimwene wawo wa ababa, akufuna thandizo kuti abwere adzawaone. Ndinawapatsa ababa foni. Anamvetsera mofatsa, kenaka anati, "Pepani bambo, ife tinabadwa awiri, ine ndi mkazi." Bamboyo anadula yekha. Ababa anandibwezera foni n'kunena kuti, "Ameneyu si woyamba kufuna kudya mtchona."

Tsamba la Miriamu ndi laling'ono. Owerenga ake ndi manesi anzake ndi azimayi a Mvano, ndipo poliyerekeza ndi la Marcel ndi kakhonde chabe. Koma iye sanangoika chithunzi n'kukhala pansi. Anaona kuti nkhope ya mdala palibe angaizindikire, popeza mwini wake anachoka ndevu zisanamere. Ndiye anayamba kutchula mayina aja pakamwa, kusikelo ya ana ndi kumsonkhano wa azimayi. Anatero kangapo osaphula kanthu. Tsiku lina mayi wina amene anabwera ndi mwana kusikelo anati, "Dina mwana wa Nampinga? Si agogo aja ogulitsa thobwa pafupi ndi mlatho? Alipo, koma pakamwa m'pakuthwa." Miriamu ataweruka anakwera kabaza n'kupita. Anawapeza, anawawerengera mayina onse aja. Akuti agogowo anamvetsera mpaka kumapeto, anavundikira ndowa ya thobwa, n'kunena kuti, "Ameneyo anafa. Koma muimbireni ndimuone."

Tinapangana Lamulungu masana, titaweruka ku tchalitchi. A Darlington anakawatenga ababa pa njinga yamoto n'kubwera nawo kusitolo. Ndinaimika foni pa thumba la mbewu, ndinawaikira mpando. Itatseguka tinaona kaye nkhope ya Miriamu, kenaka denga la malata, kenaka mayi wokalamba, wowonda, atamanga mpango wobiriwira kumutu, akuyang'ana ngati wabwera kudzazenga mlandu.

Palibe anapereka moni. Anangoyang'anana. Kenaka mayiyo anati, "Muuzeni atembenuke. Ndione khutu lamanzere."

Ababa anatembenuka. Mukulidziwa khutu lawo lija long'ambika pamwamba, limene ankatiuza kuti linakodwa ndi waya wa pa esiteti.

"Ndi yemweyu," anatero mayiyo. "Ndinamuluma ndine. Ankandilanda chinangwa chootcha."

A Darlington anaseka mpaka kutuluka panja. Ababa anati, "Dina." Dzina lokhalo basi. Ndipo tete athu, kapena ndinene azakhali monga anenera kumeneko, anati, "Achimwene, bulangete lija mwalipeza?"

Ababa anagwira pakamwa. Pambuyo pake ndi pamene anandifotokozera kuti m'mawa umene ankachoka kwawo kunali chisanu cha mu Juni. Dina, ali kamtsikana, anawaperekeza mpaka pamsewu atafunda chiguduli, mano akugundana, ndipo iwo anamulonjeza kuti Khirisimasi isanafike abwera ndi bulangete lake.

Anati, "Ndachedwa nalo, mlongo wanga."

"Mwachedwa nalodi. Amayi anakudikirani mpaka maso anachita khungu. Galimoto ikaima pamsewu ankandituma kuti ndikaone watsika ndani. Atamwalira, amalume anati tilire maliro awiri pamodzi. Tinameta chifukwa cha inu, achimwene. Tsitsi langa linagwa pansi chifukwa cha munthu amene ali phee ku Rhodesia, akudya nthochi."

Ababa analira, kulira kumene sindinakuone ngakhale pa maliro a amayi. Ine ndinafuna kudula foni, koma anandigwira dzanja kuti ndileke. Azakhali anawasiya alire. Kenaka mawu awo anafewa. Anati, "Chabwino, zakwana. Pukutani. Koma mwakalamba moipa. Akukudyetsani anawo?" Ababa anaseka misozi ili m'masaya. Kuchokera apo anayamba kulankhula chinenero chimene sindinachimvepo m'kamwa mwa ababa chibadwire, Chilomwe, mofulumira, akulandana mawu, akutchula anthu, wina wafa, wina alipo, wina anasamukira ku Mozambiki. Ine ndi Miriamu tinangokhala oonerera. Chimene ndinamva bwino n'chakuti azakhali anati m'chiNyanja, "Mubwere ndidakali moyo, mudzaone pamene anagona amayi. Mudzaonekerenso kwa anthu, maliro anu aja afafanizike." Anacheza mpaka batire la Miriamu linatha.

M'mawa mwake ababa anabweranso ku Hauna. Anayendera masitolo onse ogulitsa mabulangete, lililonse kuligwira, kuliika patsaya, kulinyamula kuti amve kulemera kwake. Ogulitsa anatopa nawo. Potsiriza anasankha lolemera, lofiira, lamaluwa akuluakulu. Lili m'pulasitiki yake pamwamba pa wadiropu, ndipo munthu akalowa kuchipindako amamutsatira ndi maso.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ababa akufuna kupita. Za mapepala a ulendo a Darlington ayamba kale kuyendera ku Mutare, ndipo zikuyenda bwino. Njira ndi ya basi, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo Miriamu wati adzawachingamira ku Blantyre n'kuwafikitsa mpaka pakhomo. Chatsala ndi wowaperekeza. Ine ndikanapita ndi mtima wonse, poti ndinayambitsa ndine, koma miyezi ino sindingathe kukhala m'basi ulendo wautali chotero. A Natsai akawerenga pamenepa amvetsa, akufotokozereni. A Darlington anadzipereka, koma ababa anakana mwaulemu. Anati munthu sabwerera kwawo patapita zaka zonsezi atatsogoza mkamwini, ngati kuti sanabereke. Akufuna mwana wawo woyamba.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo imene fakitale ya tiyi sipuma, ndipo makina akaima amathamangira inu. Koma pemphani tchuthi. Sindikufuna kuti munene kuti ndinalondola ndine. Pa za akuba munalondola ndinu, ndipo kampani ija ndinaidalira mopitirira. Mawu amene ankatinena kusukulu nanenso ankandiwawa, sindinaiwale. Ngati inu simukufuna chilichonse cha ku Malawi, palibe adzakukakamizeni, mudzabwerera ku Chipinge muli yemweyo. Ndikungopempha kuti mukakhale pambali pawo pamene akutsika basi, muwanyamulire chikwama, chifukwa bulangete lokhalo sadzalola kuti wina anyamule.

Pali china chimene ndinazengereza kulemba, ndipo ababa sakudziwa kuti ndalemba. Mwezi watha ndinapita nawo kukiliniki chifukwa miyendo imatupa, ndipo akakwera chitunda cha ku tchalitchi amaima kawirikawiri kuti apume. Anawapatsa mankhwala, akumwa, ndipo ali bwino, akulima monga mwa masiku onse. Potuluka ndinatsalira pang'ono n'kumufunsa sista ngati angathe kuyenda ulendo wa ku Malawi. Anati angathe, koma tisadikire kuti mvula ithe. Sananene zambiri, inenso sindinafunse zambiri. Ine sindikuopa. Ndikudziwa kuti akafika, akabwerako, ndipo adzanyamula mwana wanga m'manja. Koma Disembala ndi wabwino kuposa Epulo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Natsai, muwauze kuti uchi wa ku Chirinda uja unatha kalekale ndipo botolo likungodikira. Moni kwa Pretty ndi Micah, alimbikire sukulu, tete wawo akuwasowa. A Darlington akupereka moni. Miriamu, amene simunamuonepo, nayenso akuti moni kwa achimwene a ku Chipinge. Ababa ndawafunsa kuti ndikulembereni chiyani. Anati, "Umuuze abwere ndi nsapato zolimba, kwathu n'kwamatope."

Moni womaliza ndi wa azakhali a Dina. Tsiku lija batire lisanathe, anawafunsa ababa kuti ana alipo angati, ndipo woyamba dzina lake ndani. Ababa anati, "Aroni." Azakhali analibwereza dzinalo pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Ndiye simunaiwale zonse." Achimwene, Aroni linali dzina la bambo awo, agogo athu a Nampinga. Ababa sanatiuzepo. Azakhali anandiitana kuti ndisendere pafupi ndi foni, ndipo anandipatsa uthenga wanu, umene ndikuulemba monga anaunenera: "Uwauze bambo angawo abwere. Nkhuku yawo ilipo."

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Yunike